Dothi la ku Ngong Road

A Medson Kachitsa ndinawadziwira pakhomo la kukhitchini. Ndinafika ku Nairobi mu 1996, amuna anga atamwalira, kudzathandiza Esnat, mwana wa achemwali anga, amene ankakhala ku Kilimani ndi amuna ake, a Jerome. A Jerome ankagwira ntchito ku bungwe lina la kunja ku Hurlingham, ndipo a Medson anali dalaivala wa bungwelo. M'mawa akabwera kudzatenga abwana sankagogoda kutsogolo. Ankazungulira kumasitepe a kumbuyo, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kundifunsa mmene ndadzukira. Mumzinda wonse uja ndi iwo okha amene ankanditchula ndi mfunda wanga, a Nachisale.

Anali munthu wamtali, woonda, wa imvi m'mbali mwa mutu. Chichewa chawo chinali cha ku Dowa, chakalekale, koma cholowa Chiswahili. Ukapsa ndi ketulo ankati pole, osati pepani. Galimoto ankayendetsa pang'onopang'ono, moti anyamata a matatu, maminibasi a kumeneko, pamsewu wa Argwings Kodhek ankawatukwana tsiku lililonse, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati akuwapatsa moni. Ankakhala kutali, ku Kasarani, ndi akazi awo a Veronica, mayi wa ku Kenya wa mtundu wa Akamba, wogulitsa masamba pamsika. Tiyi ndikawathirira ankamwera choimirira. Mbiri yawo ndinaimva chomwecho, pang'onopang'ono, pakati pa kapu ndi kulira kwa nsapato za a Jerome pamasitepe.

Anabadwa mu 1941, bambo awo a Mose atapita kale ndi asilikali a Keyala kukamenyana ndi Mataliyana ku Abisiniya. Mayi awo, a Nankhoma, anali atatengedwa chitengwa kuchokera kwawo ku Ntchisi, ndiye nkhondo inawasiya pamudzi wa amuna awo ali ndi pakati. Patapita miyezi, mesenjala wa kuboma anabwera ndi uthenga woti a Mose amwalira. Apongozi awo anakana. Anati munthu safa ndi pepala, ngati wafa abweretse thupi. Nkhondo itatha kunabwera msilikali wina wa mudzi woyandikana, n'kunena kuti a Mose anawaona ndi maso ake ku Nairobi, atakhala pabedi m'chipatala, akudya. Mawu amenewo anakwanira. Mudzi unagwirizana kuti a Mose ali moyo, angotchona, mwina apeza mkazi wina kumeneko.

Choncho maliro sanachitike. Panalibe kumeta, panalibenso kusudzula. Abale a a Nankhoma anabwera kangapo kudzapempha mwana wawo, koma ankabwezedwa ndi mawu amodzimodzi, akuti mkazi wa munthu wamoyo sasudzulidwa. Akazi ena akanangonyamula katundu n'kumapita. Iwo ankaopa kuti akachoka osasudzulidwa, tsoka lidzagwera mwana. Apongozi atamwalira, kukana kuja kunatsala m'manja mwa a Fraser, mng'ono wa a Mose, amene analonjeza mayi awo kuti sadzalira achimwene awo asanaone umboni.

Ine nkhaniyi inandilowa kwambiri chifukwa ndikudziwa tsiku losudzulidwa. Amuna anga atamwalira ndinameta, ndinadikira, kenako alamu anga anandikhazika pamphasa pamaso pa anthu n'kunena kuti ndilibe mlandu nawo, ndingathe kupita kumene ndikufuna. Sindinkafuna kukwatiwanso. Komabe ndinadzuka pamphasapo ngati ndatula mtolo wa nkhuni zaziwisi. A Nankhoma anakalamba mtolowo uli pamutu. Chimene ankapempha pa ukalamba wawo chinali chimodzi: kukafera kwawo ku Ntchisi ndi kukagona pafupi ndi mayi awo. Popanda kusudzulidwa, manda awo akanakhala a kuchimuna, pakati pa anthu amene anawasunga ngati katundu wa munthu wina.

A Medson anakula akutchedwa mwana wa mtchona. Anaphunzira kuyendetsa malole ku Lilongwe, n'kuyamba maulendo a ku Dar es Salaam ndi ku Mombasa, mpaka anakhazikika ku Nairobi. Anandiuza kuti zaka zoyambirira ankayang'ana nkhope ya nkhalamba iliyonse pamsewu. Ankati akanawapeza bambo awo ali moyo, sakudziwa ngati akanawagwadira kapena kuwamenya.

Anawapeza mu 1991. Mwezi wa Novembala chaka chilichonse kumakhala mwambo wokumbukira asilikali kumanda a nkhondo a ku Ngong Road, ndipo chaka chimenecho anatumidwa kukasiyako mzungu wa ku ofesi. Podikira anatopa kukhala m'galimoto. Kwathu munthu salowa m'manda wamba, koma awa analibe mitengo yowirira ngati a kwathu; anali udzu wometedwa bwino ndi miyala yoyera yondandalika ngati ana a sukulu. Analowa. Anayamba kuona mayina a kwathu, a Phiri, a Banda, a Mwale. Pamzere wa kufupi ndi mpanda anawerenga dzina la bambo awo, ndi chaka chimene anamwalira, chomwecho chimene a Medson anabadwa. Anati anakhala pansi pa udzu, mzungu uja n'kuchita kuwafunafuna.

Anajambulitsa mwalawo n'kutumiza chithunzi kumudzi. A Fraser anachiyang'ana n'kuchibweza. Anati mwala aliyense angasemepo dzina, azungu anayamba ndi pepala, tsopano abwera ndi mwala. Ngati Mose alidi pamenepo, abwere yekha. Ndiye ananena zofunika. Dothi litengedwe kumutu kwa mandawo. Wotenga asakhale mbale, chifukwa mwana safukula bambo ake. Akhale mdzukulu wa pamaliro, munthu wa kwathu wodziwika dzina ndi mudzi, ndiponso wozizira. Amuitane malemuyo ndi mfunda wake mokweza, amuuze kumene akupita. Dothilo likamangidwa m'nsalu, lisatulidwe pansi ndipo lisakhudzidwe ndi dzanja lina mpaka litafika ku Dowa.

Amalawi a ku Nairobi si ambiri, ndipo ambiri ndi anthu a maofesi ndi ana a sukulu za ukachenjede. A Medson anakhala zaka akuyang'ana woti amupemphe. Mu 1997 analimba mtima n'kufunsa a Jerome ngati akudziwa mayi wachikulire wa kumpingo amene angathandize. A Jerome ndi mkulu wa mpingo. Anabwera kunyumba nkhope itagwa, n'kuuza Esnat kuti dalaivala uja amafuna dothi la kumanda, asalowenso m'khitchini. Nkhani inayenda. Pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu chaka chotsatira, ndinaona amayi akukoka ana awo pamene a Medson ankadutsa, ndipo mbatata zimene a Veronica anaphika zinabwerera zosakhudzidwa. A Medson sanadandaule. M'mawa ankaimabe pamasitepe, kunja kwa chitseko, ndipo ine ndinkawapatsira tiyi pawindo.

Chaka cha 1998 chinali choipa mu Nairobi. Bomba lalikulu litaphulika m'tauni mwezi wa Ogasiti, aliyense ankaopa chikwama cha mnzake. Pageti lililonse panali mlonda ndi kachitsulo kopimira anthu. Munthu ukaiwala jumbo pampando wa basi, anthu ankathawa.

Lachisanu lina mu Novembala a Medson anafika pawindo osavula chipewa. Anati dalaivala wa basi wa ku Lilongwe wabwera ndi uthenga: mayi awo miyendo yatupa, akukana chakudya, ndipo afunsa ngati mvula ya chaka chino idzawapeza ali kwawo. Anali atapempha kale tchuthi, basi ya ku Dar es Salaam inali ya Lolemba. Kenako anayamba kuzungulira. Anafunsa za Dedza, kwathu. Anafunsa ngati amuna anga anamwalira kalekale. Anayang'ana kapu, anayang'ana denga, n'kufunsa ngati kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndekha ndithu.

"Bambo, mukufunsa ngati ndine wozizira?"

"Pole, mayi. Pakamwa panga palephera."

"Ndine wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Koma mukudziwa kuti ndimadya za eni nyumba ino."

Anati akudziwa, ndipo ndikakana sadzandiona moipa. Ine ndine munthu wamanyazi. Kumpingo ndimakhala kumbuyo, ndipo pa zaka ziwiri zimenezo ndinali ndisanakwerepo matatu ndekha. Ndinatsuka makapu onse, ngakhale oyera kale. A Jerome atayamba kutsika masitepe ndinauza a Medson kuti Lamulungu andidikire pa siteji ya ku Ngong Road.

Lamulungulo linali tsiku lomwelo la mwambo wa asilikali. A Medson anati zatikomera, chifukwa pamwambowo pamafika nthawi imene lipenga limalira, anthu onse n'kukhala chete, mitu pansi, maso otsinzina ngati popemphera. Nthawi imeneyo palibe amene angatione. Anali atapitako chaka chilichonse kuyambira pamene anapeza mandawo, ndiye ndinawakhulupirira.

Esnat ndinamuuza kuti ndikupita ku mapemphero ena ku Ngong Road. A Jerome anali atatuluka kale atavala suti yakuda, ndipo sindinafunse kumene apita. M'kachikwama ndinaika supuni ya tiyi ndi nsalu yoyera yatsopano imene a Medson anagula. Usiku kunagwa mvula, ndipo maluwa a jakaranda anali atamatirira pamsewu. Tinakwera matatu. Tinatsika kupitirira Dagoretti Corner n'kuyenda kanjira kolowa m'nkhalango, magalimoto akuluakulu a mbendera akutidutsa.

Pageti panali apolisi a mfuti ndi agalu. Wapolisi wamkazi anatsegula kachikwama kanga, n'kutulutsa supuni, n'kuiyang'ana uku ndi uku. Anandifunsa zina m'Chiswahili. Sindinamve zimene ankanena. A Medson anayankha kuti mayiwa ndi mlendo, samva chinenerocho. Wapolisiyo anaseka, n'kunena mawu amene a Medson anandimasulira pambuyo pake, akuti kuno sikuphikidwa phala. Anabweza supuniyo.

Manda aja ndi aukhondo kuposa bwalo la chipatala. Anthu anasonkhana kumtunda, pafupi ndi mtanda waukulu wa mwala: akazembe, asilikali a mayunifolomu osiyanasiyana, azungu okalamba a maluwa ofiira a pepala pachifuwa, ndi nkhalamba zingapo za ku Kenya zitakhala pamipando, mamendulo akulendewera pa majekete othaitha. Ife tinatsetserekera kumunsi, kumzere wa kumpanda. A Medson anaima patali pang'ono ndi mwala wina n'kuuloza ndi chibwano. Ndinawerenga dzinalo. Kutsogolo kwa mwalawo kunali kabedi ka maluwa, dothi lofiira lonyowa.

Abusa anapemphera m'Chingerezi. Wina anawerenga mawu oti anthu awa sadzakalamba ngati ife otsala. A Medson anandinong'oneza kuti mawu amenewo amawamva chaka chilichonse, ndipo nthawi zonse amaganiza za mayi awo, amene anakalamba m'malo mwa anthu awiri. Anati azunguwa amabwera kudzathokoza akufa, ndipo n'zabwino, iwo sanyoza. Koma kwathu wakufa ukamukumbukira umamuuzanso kuti wafa, kuti asiye kugwira amoyo miyendo.

Ndili kuyang'ana khamulo ndinaona suti yakuda ndi dazi limene ndimalidziwa. A Jerome anaima pambali pa mzungu wa ku ofesi, atanyamula nkhata ya maluwa. Ndinakoka malaya a a Medson. Nawonso anawaona. Nthawi yomweyo lipenga linayamba kulira.

Litasiya, kunangoti zii. Ngakhale agalu anakhala chete. A Medson anaweramitsa mutu n'kutsinzina, ndipo apo m'pamene ndinazindikira cholakwa chawo. Zaka zonsezo iwo ankatsinzina, ndiye sankadziwa kuti ena satsinzina. Asilikali anaima njo, maso ali tong'o. Apolisi a m'mbali mwa mpanda sankayang'ana mtanda konse, ankayang'ana anthu. Ndipo m'chete wotero ngakhale kuthyoka kwa udzu kumamveka.

Ndikanatha kudikira kuti mwambo uthe. Koma ndinadziwa kuti anthu akabalalika adzayenda m'mizere kuwerenga miyala, a Jerome adzationa, ndipo ine sindidzalimbanso mtima. Ndinagwada. Mawondo analowa m'udzu wonyowa. Ndinaomba m'manja katatu, mwaulemu, monga tichitira kwa akuluakulu, ndipo kuombako kunamveka ngati ndikuswa nkhuni.

"A Mbewe. A Mose. Ndine Nachisale wa ku Dedza, mlendo kwa inu. Andituma ana anu. Dzukani, tizipita kwanu ku Dowa. Akazi anu atopa kudikira."

Mawu anga sanamvekepo patali chomwecho chibadwire. Ndinaona mitu ikutembenuka kumtunda kuja. Ndinayala nsalu pamwendo, n'kulowetsa supuni m'dothi. Inakhula m'mphepete mwa mwala, kwee. Ndinatapa kachiwiri, kachitatu, dothi lina likugwera pa chitenje. Ndikumanga mfundo ndinamva nsapato zikuthamanga pa udzu.

Anali apolisi awiri. Wamkuluyo, wa ndevu za pamlomo, anandilozetsa mfuti pang'ono, osati pankhope koma pamanja. "Weka chini, mama," anatero, ndipo ngakhale sindidziwa Chiswahili ndinamva kuti akuti nditule pansi. Ndinaimirira, kamtoloko nditakakumbatira pachifuwa. Anabwerezanso mokweza. Anthu amene anali pafupi anayamba kusuntha chobwerera m'mbuyo, mayi wina wachizungu akukoka mwamuna wake. Lipenga linaliranso kumtunda, koma palibe amene ankalimvera.

A Medson anagwada pakati pa ine ndi wapolisiyo, manja m'mwamba. Analankhula Chiswahili mofulumira, akuloza mwala, akudziloza pachifuwa. Wapolisi wachiwiri anawakankha ndi bondo n'kuwagwira kolala. Ine ndinkangoganiza chinthu chimodzi, kuti kamtoloka kakakhudza pansi, a Mose atsala pomwepa, ndipo a Fraser sadzalolanso kachiwiri. Ndinauza wapolisiyo m'Chichewa kuti sindingatule. Ndinanena mwaulemu. Mwina anamva ndi maso.

Kenako panafika a Jerome, nkhata ija ikadali m'manja. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamwa mankhwala owawa. Sanandiyang'ane. Analankhula ndi wapolisi wamkulu m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chimenecho ndinachimva bwino. Anati mayiwa ndi apongozi anga, bamboyu ndi dalaivala wathu, si anthu oopsa, ndi anthu akumudzi chabe amene amakhulupirira zinthu zakale. Anatulutsa chiphaso cha ku ntchito. Wapolisiyo anachiwerenga, n'kunena kuti zonsezo wamva, koma ayenera kuona chimene chili m'nsalumo.

Ndinamasula mfundo kamtoloko kali m'manja mwanga, osakatula. Dothi lofiira linaonekera, ndi kamuzu ka duwa. Wapolisiyo anaweramira. A Medson anati, "Tafadhali," kupempha, koma mochedwa. Munthuyo analowetsa chala m'dothimo, n'kutakasa, n'kuchinunkhiza. Anapukuta chalacho pa buluku. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa a Medson ngati wagona apoyo ndi bambo awo enieni. Atavomera, anatsitsa mfuti. Anati kukumba m'manda ano n'koletsedwa, tituluke msanga asanasinthe maganizo, ndipo anatiperekeza mpaka pageti anthu onse akutiyang'ana.

Kunja a Jerome anandiuza kuti ndingakwere galimoto yawo, koma chinthucho ayi. Ndinati ndikwera matatu. Tinayenda kanjira ka m'nkhalango kaja, a Medson ali patsogolo. Pafupi ndi msewu ndinamanganso kamtoloko, n'kukaika m'thumba la m'kati la jekete la a Medson. Anati dzanja lina lakhudza, zonse zawonongeka. Ndinawauza kuti ku Dowa kulibe amene anaona, ndipo ine sindidzauza munthu. Tinayenda mpaka pa siteji. Pamenepo anati bambo awo ananamiziridwa zaka zonsezi kuti ndi mtchona, sangawatengere kwawo ndi bodza linanso. Akanena zonse, a Fraser akakana akane.

Masabata otsatira anali olemera m'nyumba ya ku Kilimani. A Jerome sankandilankhula, ndipo anapempha ku ofesi kuti awapatse dalaivala wina. Kumpingo amayi ena anasiya kundipatsa dzanja. Esnat anandikalipira kamodzi, chitseko chili chotseka, kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa azungu. Koma tsiku lina tikusenda mbatata anandifunsa motsitsa mawu kuti ndinanena chiyani kwenikweni pamanda paja. Nditamuuza ananena kuti agogo ake aamuna nawonso anapita ku Joni osabwerako. Za ku Dowa sitinamve kanthu. Sindinkadziwa ngati a Medson anawapeza mayi awo ali moyo, kapena ngati pa malire a Namanga ndi a Songwe sanawalande kamtoloko.

A Medson anabwera Khirisimasi itayandikira. Sanakwere masitepe, anatuma mlonda kuti andiitane pageti. Mutu wawo unali wometedwa mpala, ndipo nditaona zimenezo ndinachita mantha, chifukwa sindinadziwe kuti ameta maliro a ndani. Anaona nkhope yanga n'kufulumira kunena kuti ameta a bambo awo.

Anandifotokozera titaima pamthunzi wa mpanda. Ulendo wonse sanavule jekete, ngakhale kutentha kwa ku Dar es Salaam, ndipo m'basi ankagona chokhala. Mayi awo anawapeza ali gone pamphasa, koma akuzindikira anthu. A Fraser anaitanitsa abale pakhonde n'kuyamba kufunsa ngati woweruza. Wotenga anali ndani, wa mudzi uti, wozizira kodi, anaitana mfunda uti. Pomaliza anafunsa ngati dzanja lina linakhudza. A Medson ananena zonse, za mfuti, za agalu, za chala cha wapolisi.

Anati a Fraser anayang'anitsitsa kamtoloko. Kenako anafunsanso za apolisiwo, kuti analipo angati, mfuti zinali zenizeni kodi, ndipo n'chifukwa chiyani analetsa kukumba. Atamva, anagwedeza mutu n'kunena kuti boma silingaike mfuti ndi agalu kulondera mwala wopanda munthu pansi pake. Za chala chija anati Mose anali msilikali, kusechedwa pageti anakuzolowera. Atatero anayesa kuimirira, n'kulephera, n'kuyamba kuitana dzina la achimwene awo ngati mwana wotayika pamsika.

Dothilo analiika m'kabokosi n'kukalikwirira kumanda a mudziwo, adzukulu atakumba dzenje monga mwa maliro onse. Atameta, anawanyamula a Nankhoma n'kuwakhazika pamphasa pabwalo. A Fraser ananena mawu aja pamaso pa anthu, kuti mkaziyu alibe mlandu ndi banja la a Mbewe, wasunga mudzi, apite kumene akufuna. A Medson anati mayi awo anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Ndiye ndilire tsopano?" Pakuti kulira mwamuna amene akuti ali moyo kukanakhala kumulodza, ndipo iwo anali asanagwetsepo msozi poyera. A Fraser anati lirani, mlamu. Analira mpaka mawu anatha, amayi a m'mudzi n'kuwalandira.

A Medson anandipatsa kathumba ka nyemba za ku Dowa. Anati mdzukulu amapatsidwa nkhuku, koma nkhuku sikanadutsa malire awiri. Ku ofesi anawasamutsira ku lole yonyamula katundu, ndipo anagwira kumeneko osadandaula mpaka anapuma ntchito mu 2003 n'kubwerera ku Malawi ndi a Veronica. Novembala aliyense asanachoke ankapitabe ku Ngong Road. Ndinawafunsa chifukwa chake, poti bambo awo anapita kale kwawo. Anati pamzere uja patsala a Phiri ndi a Mwale amene sanabwerepo munthu kudzawaitana, ndiye amangopita kukawapatsa moni m'chinenero chawo.

A Nankhoma anawatengera ku Ntchisi pa ngolo, mvula yoyamba itagwa. Anthu ankati sakafika, koma anafika, ndipo atamwa madzi a kwawo anayambanso kudya. Pamudzipo amene ankawadziwa anali atatsala awiri okha. Anakhala nyengo ziwiri za dzinja m'kanyumba ka mdzukulu wa mng'ono wawo, akutongola chimanga pakhonde ndi kukangana ndi nkhuku. Anamwalira mu 2000, nthawi yokolola, ndipo anawaika pafupi ndi mayi awo.